Msana wothyoka popanda kugwa: matenda a mafupa amene amagwira amayi ena oyembekezera ndi oyamwitsa

Mayi amene wangochira kumene akadandaula msana, palibe amene amadabwa. Apongozi amati ndi mimba ija, kusikelo amamupatsa panado, bambo akunyumba amati zitha. Nthawi zambiri zimathadi. Koma pali amayi ena ochepa amene ululu wawo umachokera kwina: mafupa a msana amakhala ataphwanyika, awiri, atatu, mwina kuposa apo, chonsecho mayiyo sanagwe ndipo sanagundidwe ndi kanthu. Anangowerama kuti atole mwana pamphasa, kapena amatula ndowa ya madzi, n'kumva chinthu chikubaya pakati pa msana mpaka kulephera kuwongoka.

Nkhani zotere zikafika pa WhatsApp zimasanduka zina. Wina amalemba kuti kuyamwitsa kumatha mafupa, ndiye amayi asiye. Wina amayankha kuti kufooka kwa mafupa ndi matenda a agogo a kumayiko a azungu, sikungagwire mtsikana wa zaka 26. Onse awiri agwira kachidutswa ka zoona, koma kuti timvetse pamene alakwitsa tiyenera kuyamba ndi fupa lenilenilo.

Fupa ndi nyumba yosatha kumangidwa

Timazolowera kuona fupa litauma, monga la mbuzi limene galu wasiya pabwalo, ndiye timaliyesa mwala. Fupa la munthu wamoyo lili ndi magazi ndi mitsempha, ndipo mkati mwake muli magulu awiri a timaselo togwira ntchito usana ndi usiku. Gulu lina limagumula fupa lakale, lina limabwera pambuyo n'kumanga latsopano. Pa zaka pafupifupi 10, mafupa a munthu wamkulu amakhala atasinthidwa pafupifupi onse.

Simenti ya nyumba imeneyi ndi mchere wotchedwa kashiyamu. Munthu wamkulu amakhala ndi kashiyamu wokwana pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo magawo 99 mwa 100 alionse amakhala m'mafupa ndi m'mano. Kagawo kotsalako kali m'magazi ndi m'minofu, ndipo n'kofunika kwambiri moti mtima sungagunde bwino popanda iko. Choncho kashiyamu akachepa m'magazi, thupi silizengereza, limakatapa m'mafupa. Mafupa ndi mizati ya thupi, komanso ndi nkhokwe.

Ogumula akamathamanga kuposa omanga kwa nthawi yaitali, fupa limayamba kupepuka. Kunja limaoneka bwinobwino, koma mkati timabowo take timakula, monga mmene chiswe chimadyera mtanda wa denga n'kusiya khungu lokha. Madokotala amatcha vuto limeneli osteoporosis, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza fupa la mabowomabowo. Mafupa a msana ndiwo amayamba kuvutika chifukwa mkati mwake ndi mwa zisazisa ngati chisa cha njuchi, ndipo fupa la mtundu umenewu limagumulidwa msanga kuposa fupa lolimba la mwendo.

Pa mimba: matumbo ndiwo amagwira ntchito

Mwana wobadwa pa nthawi yake amatuluka ndi kashiyamu wokwana pafupifupi magalamu 30 m'mafupa ake, kulemera ngati masipuni awiri aakulu a shuga odzaza bwino. Pafupifupi magawo 80 mwa 100 a kashiyamu ameneyu amalowa mwa mwana m'miyezi itatu yomaliza. Yense amachokera kwa mayi.

Thupi la mayi limakonzekera msanga. Kuyambira miyezi yoyambirira, vitamini D wamphamvu amachuluka m'magazi ake, ndipo matumbo amayamba kuyamwa kashiyamu wa m'chakudya kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi kale. Nsomba yomweyo, ndiwo zomwezo, koma thupi likupindula nazo kawiri. Kwa amayi ambiri zimenezi zimakwanira, ndipo nkhokwe ya m'mafupa imakhudzidwa pang'ono chabe.

Pa bere: ngongole imene thupi limatenga dala

Mwana akabadwa zinthu zimasintha. Matumbo amabwerera pa kayamwidwe kawo ka masiku onse, koma mkaka wa m'mawere umatulutsa kashiyamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 210 tsiku lililonse. Mukawerengera miyezi 6 ya kuyamwitsa mwakathithi, mupeza magalamu oposa 35, kuposa amene mwana anatenga pa mimba yonse. Mayi wa mapasa amatulutsa ochuluka kuposa apo. Tsono matumbo akapanda kuwonjezera, kashiyamu ameneyu achokera kuti? M'mafupa.

Apa pali mahomoni atatu, ndiko kuti timadzi timene thupi limagwiritsa ntchito potumiza mauthenga kudzera m'magazi. Yoyamba ndi prolactin, imene imapangitsa mkaka. Kuyamwa kwa mwana pamodzi ndi homoni imeneyi zimagonetsa thumba la mazira, n'chifukwa chake mayi woyamwitsa amatha miyezi osasamba. Thumba la mazira likagona, homoni yachiwiri, estrogen, imatsika. Estrogen ndi mlonda wa mafupa a mkazi, ndipo ikatsika ogumula aja amamasuka, monga zimachitikira mayi akasiya kusamba chifukwa cha ukalamba. Yachitatu imatchedwa PTHrP, ndipo imapangidwa ndi bere lenilenilo. Imalowa m'magazi n'kukauza mafupa kuti atulutse kashiyamu. Bere limachita kutumiza uthenga kunkhokwe kuti atsegule.

Zotsatira zake n'zodabwitsa. Pa miyezi 6 yoyamwitsa, mayi wathanzi bwinobwino amatha kutaya magawo 5 mpaka 10 mwa 100 a kulimba kwa mafupa a msana. Mayi amene wasiya kusamba chifukwa cha msinkhu amataya gawo limodzi mpaka atatu pa chaka chathunthu. Palibe nthawi ina pa moyo wa munthu wathanzi pamene mafupa amapepuka mofulumira chotere.

Mwachibadwa munthu angaganize kuti mayi atadya kashiyamu wambiri, mafupa sangakhudzidwe. Akatswiri anayesa zimenezi. Ku Keneba m'dziko la Gambia, gulu la Medical Research Council ya ku Britain lotsogozedwa ndi Ann Prentice linatsatira amayi oyamwitsa amene chakudya chawo chinkawapatsa kashiyamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 300 okha pa tsiku. Ena anapatsidwa mapilitsi a kashiyamu kwa chaka, ena anapatsidwa mapilitsi opanda kanthu. Mkaka wa magulu awiriwa sunasiyane kashiyamu, ndipo mafupa awonso sanasiyane. Kafukufuku wina wa ku Cincinnati ku America, wofalitsidwa mu 1997, anapeza kuti mapilitsiwo saletsa mafupa kupepuka pa nthawi yoyamwitsa. Thupi limatenga ngongoleyi mwadongosolo lake, kaya m'mbale muli zambiri kaya zochepa.

Mbali imene mauthenga a pa foni aja amaisiya ndi iyi: ngongoleyo imabwezedwa. Mwana akasiya bere, kapena mayi akayambanso kusamba, omanga aja amagwira ntchito mothamanga, ndipo pa miyezi 6 mpaka 12 mafupa a amayi ambiri amakhala atabwerera mwakale. Kafukufuku wochuluka wotsatira amayi mpaka ku ukalamba sanapeze kuti kubereka ana ambiri kapena kuyamwitsa nthawi yaitali kumachititsa mafupa kuthyoka munthu atakalamba. Agogo athu amene anayamwitsa ana 8, aliyense zaka ziwiri, ndipo akulimabe, thupi lawo linachita zimene linapangidwira.

Pamene nkhokwe yagwa

Tsono pali amayi ochepa amene mafupa awo sapirira ngongoleyi. Ameneyu ndiye osteoporosis wa mimba ndi kuyamwitsa, amene madokotala amamufupikitsa kuti PLO. Madokotala awiri, Nordin ndi Roper, anamulongosola m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 1955. Chiwerengero chimene chimatchulidwa kawirikawiri n'chakuti amagwira amayi 4 mpaka 8 mwa oyembekezera 1 miliyoni alionse, koma akatswiri ambiri amakhulupirira kuti odwala ndi ochulukirapo, popeza ambiri sajambulidwa n'komwe. Ngakhale titachulukitsa kakhumi, akadali matenda osowa.

Kawirikawiri amabwera pa mimba yoyamba, m'miyezi itatu yomaliza kapena m'miyezi yoyambirira mwana atabadwa. Mafupa a msana anasanjikizana ngati njerwa, ndipo sathyoka pakati ngati ndodo. Amafinyika, makamaka mbali yakutsogolo, ngati njerwa yosapsa bwino imene yapsinjidwa ndi khoma. Angapo akafinyika chotere, msana umapindika ndipo munthu amafupika masentimita angapo.

Ululu wake umasiyana ndi kutopa kwa msana kumene pafupifupi mayi aliyense amakudziwa. Umayamba mwadzidzidzi, umabaya pamalo amodzi pakati kapena m'munsi mwa msana, ndipo umakula munthu akatembenuka pabedi, akatsokomola kapena akayetsemula. Mayi amadzuka pogwira khoma. Amayang'ana mwana akulira pamphasa koma sangawerame kuti amutole, amadikira wina amuikire pamiyendo. Kumubereka kumbuyo ndi chitenje n'kosatheka. Diresi limene linkalekeza m'mawondo limaoneka ngati latalika. Amayi ambiri amene anadwala matendawa amasimba kuti chowawa kuposa msanawo chinali kuuzidwa kwa miyezi kuti aliyense amamva chimodzimodzi, alimbe mtima.

Palinso mtundu wina umene umagwira fupa la m'chiuno, pamene ntchafu imalumikizana ndi thupi. Umayamba kumapeto kwa mimba: mayi amamva ululu m'mphechepeche ndipo amatsimphina. Nthawi zambiri umatha wokha patapita miyezi ingapo mwana atabadwa, koma pa nthawi imeneyo fupalo limatha kuthyoka, choncho madokotala amapereka ndodo zoyendera kuti mwendo usasenze thupi lonse.

N'chifukwa chiyani uyu osati uyo?

Kwa ambiri, zikuoneka kuti analowa m'mimba nkhokwe ili kale yosadzaza, ndipo panalibe amene akanadziwa chifukwa atsikana sayezedwa mafupa. Mafupa a munthu amafika pachimake pa kulimba kwake cha m'ma zaka 25 mpaka 30, ndipo chilichonse chimene chinasokoneza kumanga pa zaka zaunyamata chimasiya mpata: kuonda kwambiri, kudzimana chakudya, kutha miyezi yambiri osasamba popanda mimba, matenda a m'matumbo oletsa thupi kuyamwa chakudya, kusowa vitamini D, kusuta fodya.

Magazi a makolo nawo ali ndi mbali. Odwala ambiri amapezeka kuti mayi awo kapena agogo awo anathyoka mafupa mosavuta, ndipo ena amapezeka ndi chilema chobadwa nacho m'malangizo a thupi omangira fupa, chimene chinali chisanadzionetse mpaka mimba itachiulula.

Ndiye pali mankhwala. Prednisolone ndi anzake, akamwedwa kwa miyezi yambiri chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi, amafooketsa mafupa. Heparin, jakisoni woletsa magazi kuundana, amachitanso chimodzimodzi akabayidwa nthawi yaitali. Awiri ena ndi odziwika kwambiri kuno kwathu. Jakisoni wolera wa miyezi itatu, Depo, amatsitsa estrogen ndipo amapeputsa mafupa pang'ono, ngakhale kuti amabwerera munthu akasiya. Tenofovir, mmodzi mwa mankhwala a m'pilitsi la ma ARV limene ambiri amamwa, nayenso amakhudza mafupa. Malawi ndi dziko limene linayamba, mu 2011, kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, choncho amayi ambiri amayamwitsa akumwa mankhwalawa. Kafukufuku wa ku Uganda anaonetsa kuti amayi otere amataya kulimba kwa mafupa kochulukirapo kuposa anzawo opanda kachilombo. Tisasokoneze zinthu apa: chimene anayeza ndi kupepuka kwa fupa pa makina, kumene kuli kosiyana ndi kuthyoka. Ma ARV amateteza moyo wa mayi ndi wa mwana, ndipo kuwasiya chifukwa choopa mafupa n'kuthawa mvula n'kukagwera mumtsinje. Amene ali ndi nkhawa akambirane ndi a kuchipatala kumene amalandira mankhwala.

Ndipo pali amayi ena amene amadwala popanda chilichonse mwa zimenezi.

Kuchipatala amaona chiyani

Chithunzi cha X-ray chojambulidwa cham'mbali mwa msana chimatha kuonetsa fupa lofinyika, ndipo chimapezeka m'zipatala za m'maboma. MRI, mtundu wina wa makina ojambulira m'thupi, imaona bwino kwambiri, imasiyanitsa kuthyoka kwatsopano ndi kwakale, ndipo popeza siigwiritsa ntchito cheza cha X-ray, imatha kujambula mayi amene akadali woyembekezera. Makina oyezera kulimba kwa mafupa amatchedwa DXA. Kwa mayi wachitsikana, zotsatira zake amaziyerekeza ndi za akazi a msinkhu wake, ndipo nambala ikatsika kufika pa -2 kapena kupitirira, ndiye kuti mafupa ake ndi opepuka kuposa mmene ayenera kukhalira. Makina a DXA ndi MRI ndi osowa m'dera lathu lino, moti kawirikawiri nkhani imayambira pa X-ray ndi pa dokotala amene wamvetsera bwino.

Dokotala wa kuno akaona fupa la msana lofinyika mwa munthu wachinyamata, maganizo ake amathamangira ku TB ya msana, ndipo salakwa, chifukwa imeneyo ndi yofala kwambiri kuposa PLO. TB imakonda kubwera pang'onopang'ono, ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuonda, ndipo imadya mafupa awiri oyandikana pamodzi ndi kachichereche ka pakati pawo, nthawi zina n'kupanga mafinya. Khansa imene yafalikira ku mafupa, matenda a impso ndi matenda a chithokomiro nazonso ziyenera kufufuzidwa. PLO amatchulidwa zina zonsezi zitachotsedwa, n'chifukwa chake amayeza magazi kangapo. Miyendo ikachita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo ndi chimbudzi zikayamba kutuluka zokha, imeneyo ndi ngozi ya tsiku lomwelo, kaya chayambitsa n'chiyani.

Thandizo, ndi funso lowawa la bere

Choyamba ndi kuchepetsa ululu ndi kuteteza msana: mankhwala opha ululu oyenera mayi woyamwitsa, lamba wolimbitsa msana kwa kanthawi, ndi mafizo ululu ukayamba kuchepa. Kugona kwa milungu yambiri kumawonjezera kufooka kwa mafupa, choncho amalimbikitsa kuyenda pang'onopang'ono. Kunyamula zolemera n'koletsedwa. Mawu amenewa ndi osavuta kulemba pa kabuku ka kuchipatala, koma kwa mayi amene amatunga madzi kumjigo, kuchapa matewera chowerama, kusinja ndi kubereka mwana kumbuyo popita kumunda, akutanthauza kuti wina pabanjapo atenge ntchito zonsezo kwa miyezi. Mchemwali kapena apongozi amene wabwera kudzakhala pakhomo amakhala mbali ya mankhwala.

Chachiwiri ndi kashiyamu ndi vitamini D. Ena angafunse kuti nanga si tanena kuti mapilitsi saletsa mafupa kupepuka? Zoona, saletsa kutapa, koma nthawi yobweza ikafika omanga aja amafuna simenti yokwanira.

Chachitatu ndiye chovuta. Madokotala ambiri amalangiza mayi amene wathyoka msana kuti asiye kuyamwitsa, chifukwa bere likamatulutsa mkaka limatumizabe uthenga uja kumafupa. Nthawi zina amapereka mankhwala oumitsa mkaka monga cabergoline kapena bromocriptine. Mayi akasiya, mafupa amayamba kudzaza okha, ngakhale popanda mankhwala ena. Mbali inayi, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 ndi kupitiriza mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira, pa zifukwa zomveka: mkaka wa m'chitini ndi wodula, umafuna madzi aukhondo, ndipo kutsegula m'mimba kumapha makanda. Mayi wa mumzinda wa Manchester ku Britain amene wauzidwa kusiya bere ali ndi madzi a pampopi ndi sitolo pafupi. Mayi wa kumudzi amene mwana wake ali ndi milungu 6 ayenera kuyeza msana wake ndi moyo wa khandalo pa sikelo imodzi. Msinkhu wa mwana, kuchuluka kwa mafupa othyoka ndi zimene banja lingakwanitse zonse zimalowa m'chigamulocho, ndipo amene angathandize kuchipanga ndi dokotala amene waona chithunzi. Malangizo osiya bere amenewa ndi a mayi amene wapezeka ndi mafupa othyoka basi, sakhudza mayi aliyense amene msana ukumuwawa.

Kwa amene mafupa ambiri athyoka pali mankhwala amphamvu. Teriparatide ndi jakisoni wa tsiku lililonse, mpaka zaka ziwiri, amene amalimbikitsa omanga aja. Ndi wodula kwambiri ndipo amasungidwa mufiriji. Gulu lina, monga alendronate, limamanga manja ogumula. Ndi lotsika mtengo, koma limakhazikika m'mafupa kwa zaka zambiri, choncho madokotala amasamala nalo kwa mayi amene akufuna kudzaberekanso. Popeza odwala ndi ochepa, akatswiri amasiyanabe maganizo pa nthawi yoyambira mankhwalawa: ena amayamba msanga, ena amadikira miyezi ingapo kuti aone mmene thupi likudzibwezera lokha.

Mimba ina, ndi za m'mbale

Fupa la msana lofinyika limapola koma silibwereranso kutalika kwake, ndipo ena amatsala ndi ululu wa apo ndi apo. Amayi ambiri amene anadwala PLO anaberekanso popanda kuthyoka kwina, ngakhale kuti ena anathyokanso. Madokotala amalangiza kudikira kuti mafupa adzaze kaye, ndi kudziwitsa a kusikelo za mbiriyi mimba ikangoyamba.

Munthu wamkulu amafunika kashiyamu wokwana pafupifupi mamiligalamu 1,000 pa tsiku, ndipo mtsikana wosafika zaka 19 amafunika 1,300 chifukwa mafupa ake omwe akadamangidwa. Nsima ya ufa woyera ili ndi wochepa kwambiri. Kapu imodzi ya mkaka kapena chambiko ili ndi pafupifupi 300. Kumene mkaka ndi wosowa, usipa, matemba ndi kapenta ndiwo mankhwala apafupi, chifukwa timadya ndi minga yomwe, ndipo kashiyamu ali m'mingamo. Amene amachotsa mitu ndi minga kuti ndiwo zioneke bwino amataya gawo lofunikalo. Bonongwe, mpiru, nkhwani ndi chigwada zimathandiza, chimodzimodzi phala la mawere, chitowe, soya ndi malambe. Vitamini D thupi limapanga lokha khungu likawombedwa ndi dzuwa. Kwathu kuno dzuwa silisowa, koma abale athu amene ali ku Britain, kumene dzuwa la nyengo yozizira silikwanira ndipo khungu lakuda limapanga vitaminiyu pang'onopang'ono, amalangizidwa kumwa pilitsi lake tsiku lililonse pa mimba ndi poyamwitsa.

Mapilitsi a kashiyamu amene ena amalandira ali oyembekezera ali ndi cholinga china. WHO imalangiza magalamu 1.5 mpaka 2 pa tsiku kwa amayi a m'madera amene chakudya chili ndi kashiyamu wochepa, pofuna kupewa kuthamanga kwa magazi koopsa kwa pa mimba kumene kumatupitsa miyendo ndi kugwetsa khunyu. Mayi amene wapatsidwa mapilitsi amenewa pamodzi ndi aja owonjezera magazi asamwere pamodzi, asiyanitse maola angapo, chifukwa kashiyamu amalepheretsa matumbo kuyamwa bwino ayironi amene ali m'mapilitsi owonjezera magaziwo.